A Mbewe ndi Zenera Lopanda Miyala

Gu! Patapita kamphindi, gu! Phokosolo silinali lalikulu. Linamveka ngati mwala wogwera m'chitsime chouma, koma linachokera m'kati mwa khoma la chipinda chathu chogona. Ine ndinali pa masitepe, kapu ya tiyi ili m'manja, ndikupititsira mzungu amene ankatiikira magalasi tsiku limenelo. Ndinaima. Ndinadziwa chimene chachitika, chifukwa a Mbewe anali atandionetsa kale zimene zimakhala m'khomamo. Munthuyo anali atadula zingwe, ndipo zitsulo zonyamula zenera zinali zitagwera pansi. Ndinalowa, ndinamupatsa tiyi, iye anathokoza, ine n'kutuluka osanena kanthu.

A Silasi Mbewe anamwalira mwezi wathawu kuno ku Sheffield, ndipo thupi lawo linapita kwawo ku Dedza. Pa mapemphero owatsanzika anthu anaima mmodzimmodzi kunena zabwino zawo. Ine sindinaime. Mu mpingo wathu aliyense amadziwa zinthu ziwiri: kuti dzanja lawo lamanja linaphwanyika populumutsa mwana wanga Thoko, ndiponso kuti mkazi wanga ndi amene anachirikiza zenera lija ndi mthiko. Choyambacho n'choona. Chachiwiricho n'chabodza. Anaika mthiko ndine. Zaka zitatu ndinayenda ndi mawu amenewa pakhosi, ndikufuna kuwauza a Mbewe, ndikuopa.

Amene anawadziwa m'zaka zomalizazi amakumbukira nkhalamba yopereka moni ndi dzanja lamanzere, ikupepesa nthawi zonse kuti si mwano. Dzanja lamanja linkakhala m'thumba la jekete. Zala zitatu zinauma zitapindika, ndipo kukazizira linkawawa moti ankaliyedzamiritsa pa hita ya m'tchalitchi mpaka ulaliki utatha. Ine ndinkakhala benchi yakumbuyo, maso ali pa dzanjalo. Sindikumbukira ulaliki ndi umodzi womwe wa zaka zimenezo.

Koma ndinawadziwa manja onse ali bwino. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, pensulo ili kuseri kwa khutu ngakhale tsiku la mgonero. Mumsewu ankayenda akuyang'ana m'mwamba, moti ankagundana ndi mabini a zinyalala n'kumawapepesa. Sankayang'ana mitambo ayi. Ankayang'ana mazenera a eni ake, ndipo ankatha kukuuza uli naye pa basi kuti lija lawola pansi, lija linamatidwa ndi penti, lija chingwe chake chatsala pang'ono.

Nyumba zakale za kuno zili ndi mazenera amatabwa amene satsegukira kunja ngati a kwathu. Amakwera n'kutsika. Mbali zonse ziwiri za felemu muli mphako, ndipo m'mphakomo mumalendewera chitsulo chachitali ngati chinangwa, chomangidwa ku chingwe chodutsa pa kagudumu. A Mbewe zitsulozi ankazitcha miyala. Miyala ikafanana kulemera ndi zenera, zenera limaima paliponse pamene walisiya. Ikachotsedwa, palibe cholinyamula.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata pa mishoni ina ya kwawo, kumene nyumba za azungu zinali ndi mazenera otere, ndipo pambuyo pake anakonza nyumba zakale za boma ku Zomba. Akazi awo atamwalira, mwana wawo Esinati, yemwe ndi namwino, anawatenga kudzakhala nawo kuno. Esinati amasimba kuti tsiku lofika, akutsika basi, bambo akewo anaima pakati pa njira n'kuseka. Akuti anayenda ulendo wonsewo kudzapeza mazenera amene anawasiya kumudzi. Pasanathe mwezi anali atakangana kale ndi kalipentala wina wokalamba wachizungu, amene anamupeza pa makwerero akumanga chingwe molakwika. Mkanganowo unatha ndi tiyi. Anagwira ntchito limodzi zaka ziwiri, ndipo mzunguyo atapuma anawasiyira zida ndi makasitomala. Zidazo anaziika m'kashedi kakuseri kwa nyumba ya Esinati.

M'zaka zimenezo aliyense ankafuna magalasi awiri ophatikizana, aja okhala ndi mpweya pakati, otchinga kuzizira. Ambiri ankangozula mazenera amatabwa n'kuika a pulasitiki. A Mbewe zimenezi zinkawapweteka ngati awaponda chala. Mkulu wina wa mpingo wathu, wa ku Zambia, ataika a pulasitiki, anawaitana monyadira pakhomo la tchalitchi.

"A Mbewe, mubwere mukaone. Nyumba yafunda ngati tili ku Luangwa."

"Ndaona kale ndili pa basi," anatero iwo. "Nkhalamba ya zaka zana mwaiveka masilipasi a kubafa."

Awiriwo sanapatsane moni mpaka Khirisimasi.

Iwo ntchito yawo inali kusunga thabwa lakale n'kulowetsamo magalasi atsopanowo. Ankachotsa zenera, n'kupita nalo ku shedi, n'kuzamitsa ndi chizulo mzere wokhalamo galasi, pang'onopang'ono, chifukwa matabwawo ndi opyapyala. Akamata magalasi ankalipachika pa sikelo. Sikeloyo inali ya mbedza, ija ya ogula mbewu, ndipo anachoka nayo ku Dedza itakulungidwa m'malaya. Ankati diso la mmisiri limanama akatopa, koma sikelo siitopa. Magalasi awiri amalemera pafupifupi kawiri, ndiye miyala yakale yachitsulo siithanso ntchito. Ankaika ina ya mtovu, yomwe imalemera kwambiri koma n'kukwanabe m'mphako muja. Chingwe ankasintha nthawi zonse, ngakhale chioneke chatsopano. Akamaliza ankaitana mwana wamng'ono kwambiri m'nyumbamo kuti akweze zeneralo ndi chala chimodzi. Mwana akalephera, ankamasula zonse n'kuyambiranso. Pomaliza ankalemba ndi pensulo, kuseri kwa kachitseko kotsekera mphako ija, kulemera kwa zenera ndi dzina lawo. Ankati wodzatsegula pamenepo zaka zikubwerazo adzadziwe woti amutukwane.

Zonsezi zinkatenga nthawi, ndipo mikangano yawo yambiri inkachokera pamenepa. Sankafulumira chifukwa cha munthu aliyense. Mayi wina wachizungu atawafunsa kachitatu kuti amaliza liti, anamupatsa chizulo m'manja n'kukhala pansi. Abusa atalola achinyamata kupenta mazenera a holo yopemphereramo mpaka kumatika, a Mbewe anaimika chilengezo pakati kuti afunse ngati moto ukabuka tidzatulukira m'nyimbo. Ndi Esinati ankakangana za chophimba kukamwa. Iye ankati penti yakale ili ndi poizoni, iwo ankati chinsalucho chimawalepheretsa kununkhiza thabwa lowola.

Ine ndinkawaopa kuyambira tsiku loyamba, ngakhale sanandikalipirepo. Ndinakulira kwa agogo anga ku Ntcheu, makolo atamwalira ndili ndi zaka zisanu. M'nyumba yodzaza anthu, mwana wamasiye amaphunzira msanga kuti wokhala chete sathamangitsidwa. Ndinakula ndikuona zonse, osanena kalikonse. Khalidwe limeneli ndinakwera nalo ndege.

Titapeza nyumba yathu, pa msewu wina wokwera phiri, Thoko anali ndi zaka ziwiri ndi theka ndipo chifuwa chinkamuvuta. Mphepo inkalowa m'mazenera mpaka makatani kumavina. M'dera limenelo khonsolo siilola mazenera a pulasitiki, ndiye tinapita kwa a Mbewe. Anavomera. Miyezi iwiri inatha atakonza awiri okha a pansi. Anali abwino zedi, Thoko anawakweza ndi chala. Koma kuzizira kunali kutafika, ndipo lalikulu la m'chipinda cham'mwamba, mmene mwana ankagona nafe, anali asanalikhudze. Ankati akudikira miyala ya mtovu.

Mnzanga wa kuntchito anandiuza za munthu wina wa galimoto yoyera amene ankaika magalasi tsiku limodzi. Ndinamuitana, a Mbewe osawauza. Ndi amene ndinamupititsira tiyi uja. Pochoka anati zeneralo likhala lolimba pang'ono potsegula, koma tizolowera.

Loweruka lotsatira a Mbewe anabwera ndi tepi yoyezera. Anaima mumsewu nthawi yaitali akuyang'ana m'mwamba. Polowa anakana mpando, anakana tiyi, analunjika pa masitepe. Anagwira zeneralo ndi manja awiri, anabuula, linangokwera pang'ono, n'kulitsitsa. Kenako anatsegula kachitseko ka mphako, anapisamo dzanja, n'kutulutsa chingwe choduka.

"Bambo a Thoko, ankadula muli kuti?"

"Ndinali m'nyumba mommuno."

"Simunamve kanthu?"

"Sindinamve, bambo."

Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kapeti.

"Ili si zeneranso," anatero. "Iyi ndi nkhwangwa yopachika."

Anatenga misomali yopota iwiri italiitali n'kulikhomera ku felemu, wina uku wina uku.

"Musalitsegule, kaya kutenthe bwanji. Ndidzabwera ndikamaliza nyumba za anthu amene anadikira."

Mawu omalizawo ananditsekera pakamwa miyezi isanu ndi itatu. Tinkaonana ku tchalitchi, ndinkapereka moni ndi manja awiri, za zenera osatchula. Iwonso anali ndi kunyada kwawo. Ndinamva pambuyo pake kuti miyala yathu inafika kalekale, inangokhala pa shelefu kudikira kuti ndikapemphe.

Kenako kunabwera kutentha kumene ngakhale eni dziko ankadandaula nako. Chipinda chija chimayang'ana kudzuwa, ndipo magalasi amene anatisunga m'nyengo yozizira tsopano anachisandutsa uvuni. Mkazi wanga, yemwenso ndi namwino, ankagwira ntchito usiku n'kumagona masana. Ankadzuka chovala chili chonyowa, mutu ukuwawa.

"Tawaimbirani a Mbewe," anandiuza. "Kodi mukuopa kuti akudyani?"

Ndinatenga foni katatu, katatu konse ndinaibweza m'thumba. M'mawa wina, iye asanafike kuchokera kuntchito, ndinamasula misomali ija. Ndinakweza zeneralo ndi manja awiri, kenako ndinalowetsa phewa pansi pake. Kwathu zenera likamavuta timangolichirikiza ndi kamtengo, ndipo palibe amaganiza kawiri. Ndinali nditatenga mthiko waukulu umene mkazi wanga anachoka nawo kumudzi, wophikira pa zochitika za mpingo. Ndinauimika pakona. Unagwira. Mphepo yabwino inalowa.

Mkazi wanga atauona anaima pakhomo la chipinda.

"Zili bwino zimenezi?"

"N'za masiku ochepa. Mpando ndachotsapo, mwana sangafikire."

Mpando ndinachotsadi. Sutukesi yaikulu imene inkakhala pansi pa zenera sindinaiganizire. Sabata yonseyo ndinkati ndikakhala kuntchito n'kumaganiza za zeneralo, koma madzulo ndinkapeza mthiko uli chiimire, ndiye ndinkadziuza kuti mawa ndiimba foni.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, amayi ankadandaulirana za kutentha, ndipo mkazi wanga anauza Esinati kuti kwathu zapepukako chitsegulireni zenera lam'mwamba. Esinati anakabwereza mawuwo pa tebulo, osadziwa kanthu. Akuti bambo ake anasiya chakudya, osasamba m'manja, n'kutuluka.

Inali cha m'ma 3 koloko masana. Mkazi wanga anali atagona kukonzekera ntchito, Thoko atagona pambali pake. Ine ndinali pakhomo ndikupukuta nsapato. Ndinaona a Mbewe akukwera phiri lija atavala suti ya ku tchalitchi, akuyenda mothamanga mmene ndinali ndisanawaonepo. Maso awo anali m'mwamba monga mwa masiku onse, koma nkhope inali ina. Ndinatsata maso awo.

Thoko anali atakwera pa sutukesi. Anagona chifuwa pa thabwa la pansi la zenera, mutu uli kunja, akuonera magalimoto kumunsi kwa phiri. Khosi lake linali pansi penipeni pa zeneralo. Dzanja lake lamanzere linali litagwira mthiko.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma a Mbewe anali atafika kale, ndipo anandigwira mkono mwamphamvu.

"Musakuwe," ananong'ona. "Akadzidzimuka akoka. Muyankhuleni. Muwerengetseni mabasi. Asatembenuke."

Anavula nsapato pakhomopo n'kulowa ndi masokosi.

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pakati pa msewu kuti mwana andione. Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina.

"Thoko, mama, ukuona mabasi angati?"

"One, Daddy! A big one!"

"Yang'anitsitsa kumunsiko. Palibe ina?"

"No! You're silly!"

Ankaseka, ndipo akaseka ankagwedeza mthiko uja ngati akupalasa. Ndinauona ukusendera pang'onopang'ono, nsonga yake yapansi ikuchoka pakona. Ndinapitiriza kufunsa za mabasi. Ndinafunsa mtundu wake. Ndinafunsa ngati woyendetsa wavala chipewa. Masitepe athu ndi khumi ndi atatu, ndipo atatu mwa iwo amalira. Palibe limene linalira.

Kenako kumbuyo kwa mwana kunaoneka mthunzi. Ndinaona dzanja lakuda, mkono wa suti ya buluu, likutsetsereka pa thabwa lija mpaka pambali pa khosi lake, n'kuima chammbali, chala chachikulu chili m'mwamba. Thoko anamva kuti pali munthu. Anatembenuka mokondwa.

"Agogo!"

Anakoka mthiko. Ndinamva thyo! Kenako phokoso lina limene sindidzalilemba. Zidutswa ziwiri za mthiko zinagwera pansi, pafupi ndi khomo.

Sindikumbukira kukwera masitepe. Ndinapeza Thoko ali pansi akulira, a Mbewe atamukokera m'kati ndi dzanja lamanzere. Kuseri kwa khosi lake kunali kutangosupuka pang'ono basi. Mpata umene dzanja lawo linasiya ndi umene unamupulumutsa. Iwo anali atagwada, chipumi chili pa galasi, dzanja lamanja lili pansi pa zenera. Mkazi wanga anali atadzuka kale, akulimbana nalo ndi manja onse awiri, akulira, akukoka ndi mphamvu zake zonse. Silinasunthe ngakhale pang'ono. A Mbewe ankamuyang'ana, thukuta likutsika. Ndinamukankhira pambali, ndinalowetsa zala, kenako phewa, n'kulikweza.

Podikira ambulansi anakhala pakhomo, dzanja litakulungidwa m'thaulo. Anawerama, anatola zidutswa za mthiko zija ndi dzanja lamanzere, n'kuziika m'thumba la jekete, nsonga zikuonekera. Sanandiyang'ane.

Ku chipatala Esinati anatipeza mukhonde, akadali ndi chitenje cha ku tchalitchi.

"Bambo anga anakhoma zenera limenelo. Anamasula ndani? Anaika mthiko ndani?"

Mkazi wanga anandiyang'ana. Anadikira. Ine ndinayang'ana pansi. Anadikirabe, kenako anatembenukira kwa Esinati.

"Ndine, achemwali."

"Inu? Namwino wathunthu?"

Palibe amene anakayika. Mthiko uli ndi mwini wake, ndipo palibe amaganiza kuti mwamuna angaugwire. Esinati ndi mkazi wanga anabwera m'dziko lino chaka chimodzi, ankasinthana mashifiti, ankalukana tsitsi. Kuyambira tsiku limenelo moni wawo unali wa pakamwa pokha. Pa misonkhano ya amayi anasiya kumupatsa makanda kuti anyamule. Iye sanadandaule. Anangondiuza kamodzi, tikuchokera ku chipatalako.

"Pamaso pa anthu ndakusenzerani. Koma kwa a Mbewe mukapite nokha."

Sanabwerezenso.

Masamba atayamba kugwa, a Mbewe anagogoda pakhomo pathu, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi, akukoka chikwama chamagudumu ndi dzanja lamanzere. M'chikwamamo munali miyala ya mtovu, chingwe chatsopano ndi sikelo.

"Manja ndilibe," anatero. "Ndabwereka anu."

Tinagwira masiku atatu. Iwo anakhala pa mpando pakati pa chipinda, akulamula. Anandionetsa mochotsera timatabwa ta m'mbali osathyola, movuulira miyala yakale pansi pa mphako, moponyera kachingwe kokhala ndi kamtovu kunsonga kuti kadutse pa kagudumu n'kukoka chingwe chachikulu. Mfundo anandimasulitsa kasanu. Sanakweze mawu, ndipo zimenezi ndi zimene zinkandiopsa kwambiri. Ndikanakonda akanandimenya.

Tsiku lachiwiri tinakoleka sikelo pa makwerero, ine n'kunyamula zenera kulipachika pa mbedza. Muvi unatsika mpaka unaima.

"Werengani."

"Makilo makumi anayi ndi awiri."

"Kulemera, eti?"

"Kulemera, bambo."

Anandiyang'anitsitsa. M'nyumba munalibe wina aliyense. Kunja basi inadutsa. Mawu anakwera mpaka pa mano anga, ndipo ndinawamva mmene akamvekere. Ndinaganiza za nkhalamba iyi ikuimirira, ikutuluka, osadzabweranso, ndipo mpingo wonse ukudziwa. Ndinafunsa ngati akufuna tiyi.

"Ayi," anatero. "Tengani miyala."

Titamaliza anaitana Thoko. Mkazi wanga anatuluka m'chipindamo, sanathe kuonerera. Mwana anaika chala chimodzi, zenera linakwera phee, n'kuima pamene analisiya.

"It's easy, agogo!"

"Eya, n'chifukwa cha anzake ali m'khomamo," anamuyankha.

Anachotsa pensulo kukhutu n'kundipatsa pamodzi ndi kachitseko ka mphako. Ndinalemba kulemera kwa zenera. Nditayamba kulemba dzina lawo anandiletsa.

"Lembani lanu. Wagwira ntchito ndinu."

Imeneyo inali ntchito yawo yomaliza. Makasitomala anapitirira kuimba foni kwa chaka chimodzi, kenako anasiya. Iwo ankapitabe ku shedi m'mawa uliwonse, akuti kukanola zida. Ndinkawachezera kumeneko kamodzi pa mwezi. Ulendo uliwonse ndinkanyamuka kunyumba nditakonza mawu, ndipo ulendo uliwonse tinkakamba za mvula ya kumudzi ndi mtengo wa feteleza.

Atadwala chibayo n'kutuluka m'chipatala, zinali zoonekeratu kuti sachira. Ndinapita masana ena n'kuwapeza ali okha m'chipinda, atatsamira mapilo, dzanja lija lili pamwamba pa bulangete. Ndinakhala pa mpando.

"Bambo, za zenera lija..."

Anatsegula maso.

"Likuyenda?"

"Likuyenda."

"Ndi chala chimodzi?"

"Ndi chala chimodzi."

"Chabwino. Nanga china?"

Anadikira. Ndinamva mapazi a Esinati pa masitepe, akubwera ndi mankhwala. Panali nthawi yokwanira kunena mawu awiri. Ndinalola mapaziwo afike.

Sabata yatha Esinati anandiimbira foni, koyamba m'zaka zitatu, kuti ndipite ku shedi. Ndinapeza chitseko chili chotsegula, iye kulibe. Zida zonse zinali zitapita, zina kumudzi, zina kwa anthu. Pakhoma panatsala misomali yokha, ndi zithunzi za zida zimene a Mbewe anajambula ndi pensulo kuzungulira chilichonse kuti chizibwerera pamalo pake: sowo, hamala, zizulo zisanu ndi chimodzi kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono. Pa mtanda wa denga panali mbedza yokolekapo sikelo, itachita dzimbiri pang'ono. Benchi yogwirira ntchito inali itasesedwa, koma m'ming'alu yake munali utuchi. Kampando kawo kanali pafupi ndi hita yozima, ndipo pansi panali malo awiri osalala pamene mapazi awo ankakhala. Kashediko kali ndi zenera limodzi laling'ono limene anapanga okha. Ndinaliyesa ndi chala. Linakwera popanda phokoso.

Esinati analowa atanyamula chinthu chachitali chokulungidwa m'nyuzipepala. Sanandipatse moni.

"Anati ndipereke kwa inu, bambo a Thoko. Osati kwa mayi a Thoko. Kwa inu."

Ndinamasula. Unali mthiko uja, wathunthu. Ndinauzunguza kawiri ndisanapeze polumikiza pake, kamzere kopyapyala ngati tsitsi, kopendekera.

"Anaulumikiza ndi dzanja lamanzere. Unawatengera nyengo yonse yozizira." Mawu ake anali ouma, koma maso anali ofiira. "Anandiuza kutatsala masiku awiri kuti amwalire. Akuti anadziwa tsiku lomwelo la ngoziyo, ali chigwadire, ataona mayi a Thoko akulephera kusuntha zenera lija ndi manja awiri. Munthu wotero sakanalikweza yekha n'kuikapo mtengo. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji munandisiya ndikudana ndi mnzanga zaka zonsezi. Anati pamenepo analakwa. Ankaganiza kuti mubwera kudzaulula sabata yomweyo. Kenako mwezi womwewo."

Ndinayang'ana mthikowo. Koma nthawi ino iye sanadikire yankho langa.

"Mukawauze mayi a Thoko kuti ndibwera Loweruka. Ndili ndi mawu oti ndiwauze. Anthu ena onsewo muwauze ndinu." Anayang'ana khoma la zida lija kamodzi. "Mukamatuluka mutseke zeneralo, kukubwera mvula."

Anatuluka, ndipo ndinamva kageti ka kuseri kakutsekeka.